Maso Athu ndi Kufunika kwa Kuwapimitsa

Phunziro lathu la lero liri pa maso, ndipo tifuna kuyankha funso limodzi: kodi munthu amene maso ace samupweteka apitirenji kukawapimitsa?

Tiyambire m'kalasi mwanu momwemo. Mwina muli mwana amene amatsinzinira maso poyang'ana pa bolodi, kapena amene amayandikiza buku kumphuno powerenga. Wina amakopera m'buku la mnzace, osati pa bolodi, ndipo pofika masana amadandaula mutu. Kawirikawiri mwana wotere amayesedwa waulesi kapena mbuli, namakhala m'mbuyo pa mayeso, pamene vuto lace lingathe ndi magalasi cabe. Iye mwini sanena kanthu, cifukwa aganiza kuti anzace onse aona cimbuuzi monga iye. Nciye cifukwa cace sitiyenera kudikira kuti mwana adandaule.

Kupima maso a ana m'kalasi si nchito yobvuta. Dokotala wina wa ku Holland, Herman Snellen, anakonza chati ca zilembo m'caka ca 1862, ndipo cigwirabe nchito mpaka lero. Zilembo zace ndi zazikulu pamwamba, koma zinka zicepa kumunsi. Kwa ana a Giredi 1 amene sanadziwe zilembo, pali chati cina ca cilembo E cokha, coloza kumwamba, pansi, kumanja kapena kumanzere. Mwana angoloza ndi zala kumene miyendo ya E yapenya. Aphunzitsi, pempani chati ku kiliniki ya kwanu. Cipacikeni pa khoma pamalo owala, yesani mamita 6 kucokera pa khomapo, ndipo lembani mzere pansi. Mwana aime pa mzerewo, aphimbe diso limodzi ndi cikhato popanda kulikanikiza, awerenge. Kenaka asinthe diso. Ali yense amene alephera mzere wolembedwa 6/12, ngakhale ndi diso limodzi lokha, mulembereni kalata ya kwa makolo kuti apite naye ku cipatala.

Musanyozere diso limodzilo. Ubongo wa mwana umaphunzira kuona m'zaka zoyamba za moyo wace. Diso lina likakhala lofooka kapena lopenya kumbali, ubongo umalinyalanyaza ndi kudalira linzace, ndipo mwana akapitirira zaka 7 kapena 8 kulibweza kumabvuta. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba.

Tsopano tione matenda amene kupima kumaulula. Oyamba ndi trachoma. Tizirombo tace timayenda pa zala, pa nsalu zopukutira kumaso, ndiponso pa miyendo ya nchenche zimene zimatera pa manthongo. Mwana akadwala kawirikawiri, m'kati mwa cikope mumacita zipsera. Atakula, nsidze za pa cikopeco zimapindikira m'kati ndi kukanda diso mpaka licita khungu. Koma matendawa amagonja ku madzi oyera, zimbudzi zabwino, mankhwala ndi opaleshoni yaing'ono ya cikope. Anansi athu a ku Malawi anatsimikiza zimenezi: m'caka ca 2022 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti trachoma yaleka kukhala mliri m'dziko lao.

Vuto laciwiri ndi kusowa kwa vitamini A m'thupi. Cizindikiro cace coyamba ndi cakuti mwana amapunthwa ndi kupapasa dzuwa likangolowa, pamene anzace aonabe njira. Cikuku cikamugwira mwana wotere, diso lingaonongeke m'masiku owerengeka. Pofuna kuteteza ana, dziko lathu linayamba kuthira vitamini A mu shuga m'caka ca 1998, ndipo pa Sabata la Umoyo wa Ana, ana osakwana zaka 5 amalandira madontho ace. Koma mankhwala ena ali m'dimba mwathu: mango, mapapaya, maungu, mbatata zofiira m'kati, ciwawa ndi bondwe, makamaka zotendera, pakuti mafuta a nsinjiro amathandiza thupi kulandira vitaminiyu. Mazira ndi ciwindi nazonso ndi zabwino.

Aphunzitsi, nkhaniyi ikhudza inunso ndi makolo. Diso liri ngati zenera: dokotala akaunika m'kati mwace amaona mitsempha ya magazi popanda kung'amba thupi. Conco angazindikire zizindikiro za matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi mwa munthu amene adziyesa wamoyo. Palinso glaucoma, nthenda imene imaononga mtsempha wa diso pang'onopang'ono, kawirikawiri popanda ululu. Cimene yaononga sicibwerera, koma ikapezeka msanga ingaletsedwe kupitirira. Munthu wodwala shuga apimitse maso caka ciri conse. Agogo amene maso ao acita ng'ala ya ukalamba asangokhala m'nyumba: opaleshoni yaifupi ingawabwezere kuona. Thandizo lotere lipezeka ku zipatala monga Mwami kufupi ndi Chipata, ku Kitwe, ndi ku University Teaching Hospital mu Lusaka.

Ana inu, mverani bwino apa. Musalole munthu kuthira m'maso mwanu madzi a masamba, mkodzo, kapena mankhwala otsala a munthu wina. Maso ambiri amene akadacira afera m'njira imeneyi. Laimu, mankhwala a m'munda kapena malovu a njoka zikalowa m'diso, tsukani msanga ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo thamangirani ku cipatala. Musalozetse legeni, kamtengo kapena pensulo kumaso kwa mnzanu. Ndipo mnzanu akabwera atavala magalasi, musamuseke, kuopa kuti angawabise m'thumba ndi kubwerera m'cimbuuzi muja.

Nayi nchito ya sabata ino. Aphunzitsi, pimani ana onse a m'kalasi mwanu, lembani zotuluka m'buku, ndipo amene saona bwino akhale kutsogolo kufikira atathandizidwa. Bwerezani kupimaku poyamba pa caka ciri conse. Ana inu, sambani kumaso m'mawa uli wonse, ndipo mukafika kunyumba mufunse agogo ngati aona bwino potola nsawawa kapena polowetsa ulusi m'singano. Cimene akayankhe, mukauze aphunzitsi anu mawa.