Nthenda ya Nyung'unyu: Mizu Kapena Chipatala?

(Mau a Mlangizi wa za Umoyo kwa anthu a ku Mitundu ndi Nathenje)

Mafumu, aphunzitsi, amai ndi abambo, lero tikambe za nthenda ya nyung'unyu, pamene fupa la ntchafu lilumikizana ndi chiuno. Mutu wa fupali ngwobulungira, ndipo umakhala ndi moyo chifukwa cha magazi odzera m'timitsempha tating'ono. Magaziwo akaleka kufika, fupa limafa pang'onopang'ono mpaka kuphwanyika. Munthu ayamba kumva kuwawa m'mphechepeche, nthawi zina m'bondo, natsimphina. Potsiriza khasu limkanika, ndipo nkhokwe ikhala yopanda kanthu.

Zoyambitsa zake ndi izi: kachasu wambiri, kuthyoka kapena kuguluka kwa fupa, nthenda ya sickle cell, kachirombo ka HIV, ndi kumwa mankhwala a steroid nthawi yaitali. Si ufiti ai.

Ambirife timayambira kwa sing'anga. Iye amatitema mphini, natithowa ndi madzi otentha, natipatsa mizu ya m'nkhalango ya Dzalanyama. Ku India nakonso kuli using'anga wakale wotchedwa Ayurveda, wa zitsamba ndi mafuta otikitira thupi. Kuthowa ndi kutikita kumachepetsadi ululu. Koma palibe muzu, wa kuno kapena wa ku India, umene unatsimikizika kuti umadzutsa fupa lakufa. Chenjeraninso ndi mankhwala ongogula: mu 2004 madokotala a ku Boston, ku Amereka, anayesa mankhwala a Ayurveda 70 a m'masitolo, napeza kuti 14 anali ndi zakupha monga mtovu.

Tsono chitani izi. Nyung'unyu ikawawa masabata angapo, pitani ku chipatala cha Mitundu kapena Nathenje. Kukafunika adzakutumizani ku Kamuzu Central, kumene mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa cha LION. Kumeneko amaunika fupa ndi makina. Likapezeka msanga, pali njira zolichinjiriza. Likaphwanyika, chotsala ndi opaleshoni yaikulu yoikapo nyung'unyu yachitsulo.

Podikira, lekani mowa, chepetsani akatundu olemera, ndipo gwirani ndodo ku dzanja la mbali yabwinoyo. Amene muli pa ma ARV musaleke kumwa. Musabisire dokotala mizu imene mwamwa, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Inu aphunzitsi, mwana akamatsimphina popanda bala, uzani makolo ake tsiku lomwelo.