Magazini Yolembedwa ndi Ana a Sukulu

Madzulo ano tikambe za sukulu yaikulu ya Harvard ku America. Mu 1979 ophunzira a kumeneko, asanalandire ndi digiri yoyamba yomwe, anayamba kusindikiza magazini yotchedwa Harvard International Review, yokamba za nkhondo, malonda ndi ufulu wa anthu m'maiko onse. Akuluakulu a maboma amalembamo nawo, koma osankha nkhani ndi kuzikonza ndi anyamata ndi atsikana omwewo.

Pa za ufulu pali chikalata cha United Nations cha 1948. Mfundo yake ya 17 imaletsa kulanda munthu chuma chake popanda chifukwa. Tsono alimi akalandidwa minda m'dziko lina, mwana wa zaka 20 angathe kufufuza mlanduwo ndi kuulemba, nduna za boma n'kuuwerenga.