Mwana akakhuta nsima sikuti wadya bwino



Lelo ndifuna tikambe za ana ang'ono. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti pa ana 100 alionse osakwanitsa zaka zisanu muno mu Zambia, 35 ndi opinimbila, msinkhu wao sugwilizana ndi zaka zao. Zifukwa zake n'zambili, koma chimodzi tingayambe kuchikonza sabata ino: vitamini A.

Vitamini ameneyu amasunga maso ndipo amalimbitsa thupi kuti lizilimbana ndi matenda. Akachepa, mwana amavutika kuona kukayamba mdima. Chikuku ndi kuthulula zikamugwila zimamugwetsa maningi, ena mpaka kumwalila. Mwana wodwaladwala safuna kudya, ndipo osadya sakula.

Nsima ya chimanga choyela ilibe vitamini A. Mwana amakhuta, mimba ndi, koma thupi lili ndi njala. Inde mazila ndi chiwindi zadula, tonse tiona pa msika. Koma chibwabwa, bondwe, kalembula, maungu, kandolo yofiila mkati, mango akupsa ndi papaya zili naye. Kulinso chimanga cha orenji chimene chinayamba kutulutsidwa mu 2012. Kuphika kwake ndiye kofunika: ikani saladi pang'ono kapena nsinjilo, chifukwa popanda mafuta thupi silimutenga bwino. Ndiwo osaziphika mpaka kuda. Khanda liyamwe bele lokha miyezi isanu ndi umodzi, kuyambila mkaka woyamba wachikasu uja. Osaufinyila pansi, amai.

Ena adzati shuga wathu ali naye kale. Zoona, kuyambila 1998 shuga wa muno amaikamo vitamini A. Koma mwana sakulila shuga, mano angathe.

Manje za kukiliniki. Mwana wa miyezi 6 mpaka 59 afunika kapisozi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse: wa buluu kwa wosakwanitsa chaka, wofiila kwa wamkulupo. Chiwindi cha mwana chimasunga vitamini ameneyu kwa miyezi yochepa chabe, ndiye pa Child Health Week amabwela kawili pa chaka. Ndi waulele, ndipo nesi safunsa khadi ya chipani. Vuto n'lakuti makolo ambili amaleka kupita ku sikelo mwana akatsiliza nyeleti, kumati zatha. Sizinathe mpaka zaka zisanu. Komanso osamupatsa kawili pafupipafupi, akachuluka amavulaza.

Achinyamata, ife timadziwa kugogoda khomo ndi khomo. Aliyense atenge nyumba khumi za pa mzele wake. Pemphani mwaulemu kuona khadi ya sikelo. Ngati papita miyezi yopitilila isanu ndi umodzi, pelekezani amai kapena ambuye a mwanayo kukiliniki. Nyumba ya amene sativotela osaidumpha. Atate, nanunso mwana mungamunyamule.

Pa msonkhano wotsatila aliyense adzatiuze ana angati anafika.