Moto wa injini ufike pa nthawi yake

Amene simunabwere ku msonkhano wa Loweruka lapitali, nawa mawu a mlendo wathu, amakaniko amene akhala zaka zambiri akukonza galimoto m'maesiteti a tiyi konkuno ku Thyolo. Tawalemba monga analankhulira, tangodula nthabwala zina kuti nkhani isatalike.

Zikomo a wapampando, zikomo ana anga nonse, anyamata ndi asungwana. Munandipempha kuti ndikambe za ntchito ya manja yomwe munthu angadye nayo. Ndasankha kantchito kamodzi basi: kuchotsa mapointi m'galimoto yakale ya petulo n'kuikamo kagudumu ndi sensa. Patebulopa ndaika distributor, muziiyang'ana ndikamalankhula.

Tiyambe tagwirizana za galimoto zake. Mathirakitala ndi malole onyamula masamba kupita ku fakitale ambiri ndi a dizilo, ndipo dizilo safuna pulagi. Amenewo achotseni m'mutu. Galimoto za masiku ano nazonso zinabwera kale ndi masensa ake. Ine ndikunena nkhalamba zija: Land Rover ya petulo ya malita 2.25, Peugeot 504, Nissan 1400 yomwe ku South Africa anasiya kupanga mu 2008. Zambiri mwa zimenezi zimayendera mapointi, ndipo eni ake alibe ndalama yogulira ina. Pikapu yotere ikazima pachitunda itasenza nthochi ndi mapeyala opita ku Bvumbwe kapena ku Limbe, msika wa tsikulo wapita. Ikakhala kuti yanyamula tiyi wa alimi ang'onoang'ono ndiye poipa kwambiri, chifukwa tsamba lothyola silidikira munthu. Likakhalitsa m'matumba limatentha n'kufiira, kufakitale n'kukalikana.

Tsopano mverani apa, chifukwa zonse zatsamira pamenepa. Pisitoni imagwira ntchito zinayi: kukoka mpweya ndi petulo, kupanikiza, kukankhidwa ndi moto, kenako kutulutsa utsi. Kuti zinayizo zithe, crankshaft imazungulira kawiri, pomwe camshaft, yomwe imatsegula ndi kutseka mavavu, imazungulira kamodzi. Distributor iyi imayendetsedwa ndi camshaft kudzera pa giya, ndiye nayonso imazungulira kamodzi. Injini ya mapisitoni anayi ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, distributor ili pa 1,500, ndipo ulendo uliwonse iyenera kupereka moto kanayi. Werengani nokha: ka 6,000 pa mphindi, kutanthauza ka 100 pa sekondi imodzi. Ndipo moto uliwonse ufike pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Ukachedwa, galimoto siikoka, imamwa petulo ngati chidakwa, imatentha. Ukafulumira kwambiri, injini imalira ngati misomali m'chitini, ndipo mukaumirira pisitoni imabooka.

Mapointi ndi tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutsekeka ka 100 pa sekondi kaja. Njira imeneyi anaikonza Charles Kettering ku America cha m'ma 1910, ndipo yatumikira anthu mokwanira. Vuto lake ndi loti tizitsuloti timapsa, komanso kachidendene kamene kamakhuzana ndi shafti kamaperepeseka. Kakaperepeseka mpata umachepa, mapointi amatseguka mochedwa, moto nawo umachedwa. N'chifukwa chake mwini galimoto amabwera kugalaja mwezi ndi mwezi akudandaula kuti yasiya kukoka.

Kagudumu ndi sensa sizikhudzana, ndiye palibe chopereseka. Inu a kabaza mukuzidziwa kale. Mukatsegula kumbali kwa injini ya njinga yamoto mumapeza flywheel yokhala ndi kachotupa, ndi kakoilo kakang'ono pambali pake kouza CDI kuti ino ndiyo nthawi. Nzeru yake ndi yomweyo, kungoti panjinga kachotupako kali ku crankshaft, pomwe ife tikuika kumbali ya camshaft.

Masensa ake alipo a mitundu iwiri yomwe mudzakumane nayo kawirikawiri. Wina ndi wa Hall, dzina la Edwin Hall amene anatulukira mu 1879 kuti maginito amapatutsa magetsi oyenda m'chitsulo. Sensa imeneyi imafuna kupatsidwa magetsi kuti igwire ntchito, ndipo imawerenga bwino ngakhale injini ikuzungulira pang'onopang'ono ndi sitata. Mtundu winawo ndi koilo yokulungidwa pa maginito, ya mawaya awiri, yomwe imapanga yokha magetsi dzino la chitsulo likamadutsa. Imeneyi mukasemphanitsa mawaya ake galimoto itha kulira ndithu, koma taimingi imasokonekera mukamaponda.

Njira zoikira zilinso ziwiri. Yosavuta ndi kakiti kolowa m'malo mwa mapointi. Mumachotsa mapointi ndi kondensa, mumaveka kamphete ka maginito anayi pa shafti, pansi pa rotor, n'kumanga sensa pambale pomwe panali mapointi. Kapu, rotor, tizitsulo tolemera tofulumizitsa moto injini ikathamanga, ndi vakyumu, zonse zimatsala momwemo. Njira yachiwiri ndi ya kompyuta, monga Speeduino yomwe imamangidwa pa Arduino. Apa mumaika gudumu la mano, dzino limodzi litachotsedwa dala kuti kompyuta idziwe poyambira kuwerenga. A Ford anazolowetsa anthu gudumu la 36-1 pa crankshaft, dzino lililonse madigiri 10. Koma gudumu la pa crankshaft lokha silingauze kompyuta ngati pisitoni yoyamba ikupanikiza kapena ikutulutsa utsi, poti limadutsa kawiri. La ku camshaft limadutsa kamodzi, ndiye limadziwa. Ubwino wake ndi umenewo.

Mtengo wa ubwino umenewu nawu, ndipo mukaiwala zonse musaiwale ichi: digiri imodzi ku camshaft ndi madigiri awiri ku crankshaft. Mukaphonya pang'ono poika kagudumu, injini imalandira kuphonyako kawiri. Gudumu la mano 24 mu distributor, dzino ndi dzino ndi madigiri 15, koma kwa pisitoni ndi 30. Tcheni cha taimingi chikakhala chokhwepa, kapena shafti ikamagwedera, sensa imawerenga kugwederako ngati zoona.

Ndiye musanauze mwini galimoto kuti atulutse ndalama, yesani zinthu ziwiri. Chotsani kapu, gwirani shafti, igwedezeni uku ndi uku. Ikamasewera, mabushi atha, konzani amenewo kaye. Kenako ikani sipanala pa bawuti ya pule, pititsani injini kutsogolo, bwezani m'mbuyo pang'onopang'ono diso lili pa rotor. Pule ikayenda kamtunda rotor ili chiimire, tcheni kapena magiya atha. Sensa yatsopano pa tcheni chakutha ndi ndalama yotaya m'madzi.

Zikakhala bwino, imikani galimoto pamalo osatsetsereka, giya ili pa fili, miyala kumatayala. Kuno kwathu malo athyathyathya ndi osowa, miyalayo musaiiwale. Masulani pulagi ya pisitoni yoyamba, tsekani bowo ndi chala, mnzanu azizunguza injini ndi sipanala. Mpweya ukayamba kukankha chala, ndiye kuti ikupanikiza. Pitirizani mpaka chizindikiro cha pa pule chifike pa ziro. Mukalumpha za chalazi mutha kuika zonse pisitoni ikutulutsa utsi, galimoto n'kumangophulika ku kabureta osalira. Lembani ndi choko pomwe rotor yaloza, jambulaninso ndi foni. Mawaya a mapulagi pa Land Rover ndi Nissan zija amatsatana 1-3-4-2. Mukatero chotsani waya wa batire, kenako muyambe kumasula.

Mpata wa pakati pa kagudumu ndi sensa muyeze ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala tija, motsatira pepala lomwe labwera ndi kiti. Kawirikawiri umakhala pafupifupi milimita imodzi kapena kucheperapo. Zunguzani shafti ndi dzanja muone ngati mpatawo uli chimodzimodzi kuzungulira konse. Gudumu losema nokha likapendama, pisitoni ina imalandira moto msanga, ina mochedwa. Gudumu lotere mukalisemetse kwa a makina osemera zitsulo ku Limbe kapena ku Blantyre, osati ndi tupa pansi pa mtengo wa mango. Ndipo amene mwasankha njira ya kompyuta, tizitsulo tolemera tija ndi mbale ya vakyumu muzimange zisasunthenso. Mukazisiya, kompyuta ifulumizitsa moto, nazo zifulumizitsanso, pisitoni ndi imene ilipire.

Mawaya ndi amene amagwetsa amakaniko ambiri. Onani kaye kuti ndi mbali iti ya batire yomwe yamangidwa ku bodi, chifukwa ma Land Rover ena akale kwambiri anamangira ya pulasi, ndipo kiti wamba imapsa nthawi yomweyo. Yezani koilo ndi mita. Makiti ambiri olowa m'malo mwa mapointi pa injini ya mapisitoni anayi amafuna pafupifupi ma ohm atatu. Mukaika koilo yozula pa galimoto yamakono, ya ma ohm osakwana imodzi, idzakoka magetsi ochuluka n'kuotcha kiti. Ngati pali ballast resistor panjira yopita ku koilo, waya wofiira wa kiti mutengere pomwe pali mavoti 12 athunthu. M'kati mwa distributor siyani waya wokhwepa pang'ono poti mbale ija imasuntha ndi vakyumu, koma usakhudze shafti. Kunja, mawaya a sensa adutse kutali ndi a mapulagi ndi ekizozi. Mwini galimoto mumuuzenso kuti asamasiye kiyi ali pa ON injini isakulira, kaya akumvera wailesi kaya akutchaja foni, poti makiti ena ndi koilo zimapsa chifukwa cha zimenezo.

Ikalira musathamangire kuomba m'manja. Taimingi ya khutu ndi ya mwayi. Tengani timing light, tochi ija yophethira limodzi ndi pulagi yoyamba, chotsani paipi ya vakyumu n'kuitseka, walitsani pa pule, tembenuzani distributor mpaka chizindikiro chifike pa madigiri omwe buku la injiniyo likunena. Chizindikirocho chizioneka chitaima. Chikamavina, bwererani ku shafti ndi tcheni. Pondani pang'ono muone ngati chikusuntha kusonyeza kuti moto ukufulumira. Malaya ndi zala zitalikirane ndi fani, ndipo waya wa pulagi musaugwire injini ikulira, moto wake ndi wa mavoti masauzande ambiri. Pomaliza kwezani katundu, kayeseni pachitunda chenicheni, zitunda sitisowa kuno. Mukamva misomali ija, bwezani moto m'mbuyo pang'ono.

Mtsikana uyo wafunsa ngati galimoto iziliranso bwino nthawi ya chiperoni. Mwana wanga, funso labwino. Idzalira msanga kuposa kale, koma sensa sichiza kapu yong'aluka kapena mawaya okalamba. Nkhungu ya Juni ndi Julayi ikalowa mumng'alu, moto umathawira ku bodi usanafike ku pulagi. Kasitomala mumuuze zimenezi musanalandire ndalama yake, kuti asadzakutcheni wakuba. Komanso mapointi ndi kondensa zomwe mwachotsa musataye. Zikulungeni m'kapepala, zikhale m'galimotomo pamodzi ndi sikuludiraiva. Mapointi amadwala kaye asanafe, koma kiti ikapsa imangozima kamodzi, ndipo pakati pa minda ya tiyi ku Makwasa usiku simupeza sitolo ya sipeya.

Za kudya nayo ntchitoyi, ndinene mosabisa. Galimoto za mapointi zikutha chaka ndi chaka, simungamange nyumba ndi zimenezi zokha. Koma amene wamvetsa kagudumu aka wamvetsa sensa ya crankshaft ndi ya camshaft ya m'galimoto zonse za ku Japan zadzaza mumsewu wa Limbe mpaka Mulanjezi, ndi njinga zamoto zomwe. Zida zoyambira ndi zochepa: mita, feeler gauge, timing light ndi kope lolembamo zomwe mwayeza. Sonkhani ngati kalabu mugule, muzibwerekana. Amene mukufuna pepala, kafunseni za maphunziro a umakaniko kudzera ku TEVETA, asungwana inunso chimodzimodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Distributor iyi ndikusiyirani mpaka mwezi wamawa. Imasuleni, yezani kugwedera kwa shafti, mulembe m'kope, ndikadzabwera mudzandiuze ngati ikuyenera kuikidwa sensa kapena ayi.