Kalembedwe ka Kalata Yopempha Chithandizo cha Ulumali

 Nkhani yathu lero ndi ya kalata imene munthu waulumali, kapena mbale wake, amalembera akuluakulu popempha chithandizo.

Kalembera wa anthu wa 1998 ndi wa 2008 atapita, wa 2018 anapeza kuti mwa Amalaŵi khumi alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo, mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina. Boma linakhazikitsa bungwe la MACOHA ndi lamulo la 1971, ndipo lamulo latsopano la 2024 linaika bungwe la MACODA m'malo mwake. Pa boma la Dowa ndi pa boma la Ntchisi palinso ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Makomo ogogodapo alipo, koma opempha ndi ambiri, ndipo mkulu woŵerenga makalata sakudziŵani. Akudziŵani ndi zimene mwalemba basi.

Makalata ambiri amayamba ndi malonje atali, kenaka madandaulo akuti, "Ndine wolumala, ndikuvutika kwambiri, chonde ndithandizeni ndi chilichonse." Mawu ameneŵa ndi oona, koma sauza mkuluyo chochita. Sadziŵa ngati wolembayo akusoŵa njinga ya olumala, ndodo zoyendera, fizi ya mwana kapena malo pa sukulu ya ntchito zamanja. Kalata yotere imaikidwa pambali, poti palibe amene akudziŵa kumene angaitumize.

Yambani ndi tsiku limene mwalemba, dzina lanu monga momwe lalembedwera pa chiphaso cha unzika, mudzi wanu, gulupu wanu ndi Mfumu Yaikulu ya dera lanu. Dzina likasiyana ndi la pa chiphaso, ngakhale ndi chilembo chimodzi, pempho likhoza kuchedwa. M'ndime yoyamba yomweyo nenani chimene mukupempha, ndipo chikhale chimodzi. Ngati zosoŵa zili ziŵiri zopita ku maofesi osiyana, lembani makalata aŵiri.

Kenaka fotokozani zimene thupi likukanika kuchita. Dzina la nthenda lokha silikwanira, chifukwa anthu aŵiri odwala khunyu sakhala chimodzimodzi: wina amagwa kamodzi pa chaka, wina katatu pa sabata. Ndi chifukwa chake akalembera a 2018 ankafunsa ngati munthu amavutika kuona, kumva, kuyenda kapena kulankhula. Inunso tsatani njira yomweyo. M'malo molemba kuti "miyendo yanga ndi yofooka," lembani kuti, "Kuyambira mu 2019 sinditha kuyenda popanda wondigwira. Mjigo uli kumunsi kwa chitunda, ndipo sindingatsike kukatunga madzi. Nthaŵi ya dzinja njira ikaterera sindituluka m'nyumba." Woŵerenga ali pa ofesi, koma ndi mawu otere aona chitunda chanucho ndi maso ake. Ndipo ngati mukupempha njinga, nenani ngati njira ya kwanu ndi ya miyala kapena ya zitunda, popeza njinga yoyenda bwino pa Mponela kapena pa Madisi ikhoza kulephera kumapiri.

Ena amabisa zovuta chifukwa cha manyazi. Safuna kulemba kuti amachita kusambitsidwa kapena kunyamulidwa popita kuchimbudzi. Enanso amafotokoza za tsiku limene adzuka bwino, naiŵala masiku oipa. Lembani zonse ziŵiri, ndi kuchuluka kwa masiku oipawo pa mwezi. Koma musawonjeze bodza. Akuluakulu amatha kufika pakhomo kudzaona okha, ndipo akapeza bodza limodzi amakayika ndi zoona zomwe.

Nenaninso za banja lanu: muli angati, ndani amalima, ndi ana angati ali pa sukulu. Izi ndi zofunika kwambiri pa Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006 kuti athandize mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Mu ndondomeko imeneyi munthu saloŵa ndi kalata, popeza mabanja amasankhidwa mwa kalembera. Koma ngati mukuona kuti banja lanu linadumphidwa molakwika, mungathe kukadandaula, ndipo dandaulo lamphamvu ndi lonena kuti, "Pakhomo pano tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo wotha kugwira khasu ndi mmodzi yekha."

Amene munavulala pa ntchito yolembedwa, kaya pa esiteti ya fodya kaya pa chigayo, njira yanu ndi ina. Lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la 2000 likukukhudzani, ndipo nkhani yanu ipite ku ofesi ya zantchito msanga. Lembani tsiku la ngozi, malo ake, ntchito imene munkagwira ndi amene anaona.

Umboni usasoŵe. Pitani kuchipatala cha Dowa, cha Ntchisi kapena china chapafupi, adokotala akalembe m'buku lanu la kuchipatala zimene apeza. Tumizani mapepala ojambulitsa, enieniwo asale ndi inu. Kalatayonso ilembedwe paŵiri kuti ina muisunge, ndipo lembanipo tsiku limene mwapereka ndi udindo wa amene walandira. Ngati wolemba ndi mphunzitsi kapena mdzukulu, akuŵerengereni mokweza musanadinde chala, ndipo alembe pansi kuti walemba m'malo mwanu. Mawu akhale anu, iye abwereke dzanja lokha.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pakapita mwezi osamva kanthu, pitani kapena tumani munthu ndi kalata munasunga ija kukafunsa pamene pafika nkhani yanu. Mukakanidwa, pemphani chifukwa chake, kuti polembanso mudzadziŵe pokonza.