Masamu a ngodya zitatu ali padenga ndi kumunda

Mlendo wolemekezeka pa mwambo wopereka mphoto kwa ophunzira pa sukulu ya Masongola, mayi amene anapuma pantchito yophunzitsa masamu, sanathamangire mfundo. Anayamba apereka ulemu kwa mafumu, a khansala, akuluakulu a zamaphunziro m'boma la Zomba, a mphunzitsi wamkulu ndi aphunzitsi onse, a komiti ya makolo, abusa ndi mashehe, apolisi, atolankhani, mpaka amayi amene ankasonkhezera moto kuseri, ati kuopa kumanidwa ndiwo. Anthu anafa nacho chikhakhali.

Anayamikira boma poyambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, nakumbutsa ana kuti likulu la MANEB ndi Yunivesite ya Malawi zili pakhomo pawo pomwe. Apo m'pamene anatulutsa zakukhosi: ana ambiri amathawa funso la thirayango ngati aona njoka, chonsecho thirayangoyo amagona pansi pake usiku uliwonse.

Anawauza kuti akayang'ane nsonga za denga la Hotel Masongola, nyumba imene John Buchanan anamangira kazembe wa Britain mu 1886, kapena mitengo ya denga la kwawo. Kalipentala akadula mitengo iwiri yofanana kutalika n'kuikumaniza pamwamba, ngodya ziwiri zapansi zimafanana zokha. Imeneyo ndiyo isosceles. Ngodya zonse zitatu pamodzi ndi madigiri 180, choncho yapamwamba ikakhala 120, zapansizo ndi 30 iliyonse. Mbali zonse zitatu zikafanana, ndiye equilateral, ndipo ngodya iliyonse ndi 60, kaya thirayangoyo ndi yam'kope kaya yodzaza bwalo la mpira. Euclid, anatero mayiwa, analemba zimenezi ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, ndipo buku lake limayamba ndi kujambula equilateral ndi kampasi ndi rula basi.

Makolo anawatembenukira ndi nkhani ya kumunda. Alangizi akamathandiza alimi a m'mphepete mwa phiri la Zomba kukonza akalozera, amagwiritsa ntchito A-frame: mitengo iwiri yofanana, wina wopingasa pakati, ndi chingwe cholendewera kuchokera pansonga, kumapeto kwake atamangako mwala. Chingwecho chikagwera pachizindikiro chapakati, ndiye kuti miyendo yonse iwiri yaponda pofanana, ndipo mzere ukadutsa pamenepo madzi sakokolola nthaka. Chinsinsi chake n'chakuti mu isosceles, mzere wochoka pansonga kufika pakati pa tsinde umaima chilili, pa madigiri 90.

Apa mayiwa anadzudzulako abambo amene ndalama ya mayunitsi saisowa, koma ya kampasi ndi pulotirakita ya mwana amati dikira tikolole. Aphunzitsi nawo anawapempha kuti azitulutsako ana m'kalasi, akayeze denga ndi chingwe.

Asanakhale pansi anasiyira a Fomu 2 ntchito ya Lolemba: ngodya yapamwamba ndi 40, nanga zapansi? Mtsikana wina kumbuyo sanadikire Lolembalo. Anakuwa kuti 70, ndipo nthungululu zinamveka kuchokera kwa amayi a kukhitchini.