KODI ANA ATHU AKUSEWERA KAPENA AKUPHUNZIRA?

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a m'midzi

 Madzulo ano sindikamba za feteleza kapena za mitengo ya fodya ai. Ndikamba za phokoso limene limamveka kusukulu, limene lakhumudwitsa makolo ambiri.

Mwezi wathawu ndinakumana ndi a nyakwawa ena a kumadzulo kwa Lilongwe pa msewu wa Malangalanga, pafupi ndi msika waukulu. Anabwera kudzagula makasu, ndipo anagona kwa mwana wao wamkazi amene amakhala ku Old Town komweko. M'mawa mwake anadutsa pa sukulu imene mdzukulu wao amaphunzira, ndipo zimene anamva sizinawakondweretse. Anati kwa ine, "Aphunzitsi, inu munagwirapo ntchito imeneyi, tandiuzani. Ndamva ana akuomba m'manja, akukuwa, ndipo pa zenera ndaona mpira ukuuluka m'kalasi. Ife tinkaphunzira tili chete. Ngati ndi masewera, kwathu aliko. Bwenzi mwanayu ali kumudzi akupirikitsa mbuzi kudimba."

Sindinawatsutse. Ndinangowapempha kuti achedwe tsiku limodzi, tikapemphe kwa mphunzitsi wamkulu kuti tikakhale kumbuyo kwa kalasi. Anavomera.

Tinalowa m'kalasi ya Sitandade 4. Ana anali oposa 100, atakhala pansi, mawondo kugundana. Mphunzitsi anali mayi. Anaphunzitsa masamu monga mwa masiku onse, akulemba pa bolodi, ana akukopera. Patatsala mphindi khumi kuti belu lilire, anafufuta zonse zimene analemba nauza ana kuti atseke makope. Anawagawa m'magulu anai otchedwa maina a mitsinje: Lilongwe, Lingadzi, Likuni ndi Diamphwe. Tsono anatulutsa mpira wachikulunga uja. Funso linali lotere: mlimi wakolola matumba 7 a chimanga, thumba lililonse makilogalamu 50; zonse pamodzi ndi makilogalamu angati? Sanaponye mpira msanga. Anayamba wawerenga mpaka khumi, kuti mwana aliyense aganize, pakuti palibe amene anadziwa kumene mpirawo ukagwere. Ataponya, anawakha mtsikana wa gulu la Lingadzi, nati 350. Anzake anaomba m'manja, ndipo gulu lake linalandira chitsekerero cha botolo chimodzi.

Funso lachitatu linali la mzere wa mamita 10, pobzala chimanga pa masentimita 25 alionse: mapando angati? Apa mphunzitsi anasintha. Gulu lililonse linapangana monong'ona, nkulemba yankho pa pepala, ndipo onse anakweza mapepala nthawi imodzi. Magulu awiri analemba 40, ndiye yankho lake. Awiri enawo analemba 250. Mayi uja anaika mpira pansi, natenga choko, nafotokozanso kuti mita imodzi ili ndi masentimita 100, choncho pa mita imodzi pamalowa mapando anai. A nyakwawa anandinong'oneza kuti, "Ameneyu wawagwira." Ndipo mau amenewo ndiwo mutu wa nkhani yanga yonse.

Inu alimi mukudziwa kuti kubzala si kutha kwa ntchito. Mukabzala nkuchoka, osabwerera kukapalira ndi kubandira, udzu umadya munda. Chimene mwana wamva m'kalasi lero chili ngati mbeu yongobzalidwa kumene. Mjeremani wina dzina lake Hermann Ebbinghaus anayesa zimenezi pa iye mwini, nalemba zimene anapeza m'chaka cha 1885. Ankaloweza timau topanda tanthauzo, nkumadziyesa patapita ola, tsiku, sabata. Anapeza kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyamba ndi tsiku loyamba, kenaka kumayenda pang'ono-pang'ono. Ndiye kuti phunziro losabwerezedwa msanga limatayika lisanamere mizu.

Koma kubwereza kuli mitundu iwiri, ndipo pano mundimvetsetse bwino. Pali kubwereza kumene mphunzitsi amanenanso zomwe ananena dzulo, ana nkumavomera onse pamodzi kuti "Inde, aphunzitsi." Palinso kubwereza kumene mwana amatseka buku, nkutulutsa yankho m'mutu mwake yekha. M'chaka cha 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga mobwereza-bwereza. Ena anaiwerenga nthawi imodzi yokha, kenaka nkuyesedwa katatu kulemba zimene akukumbukira osayang'ana. Patapita sabata, owerenga mobwereza aja anakumbukira magawo 40 pa 100, pamene oyesedwa aja anakumbukira magawo 61 pa 100. Chodabwitsa nchakuti owerenga mobwerezawo ndiwo ankadzikhulupirira kwambiri kuti akumbukira. Kumva chinthu kawiri-kawiri kumanyenga munthu, amayesa kuti akuchidziwa.

Masewera a m'kalasi ndi njira yochititsa mwana kutulutsa yankho m'mutu mwake popanda mantha a mayeso. Mukati "mayeso," mwana amanjenjemera. Mukati "gulu la Likuni likutsalira," yemweyo amalimbikira kuganiza. Ntchito imene mutu wake ukugwira ndi imodzimodzi.

Phindu lina ndi la mphunzitsi. Alangizi a zaulimi amatiuza kuti tisanabzale mbeu yosunga tokha, titenge njere 100, tizifese pa malo a chinyezi, tiwerenge zimene zamera. Palibe mlimi wanzeru amene amafuna kudziwira m'munda, mvula itapita, kuti mbeu yake inali yakufa. Mphunzitsi nayenso sayenera kudikira mayeso a kumapeto kwa teremu kuti adziwe kuti theka la kalasi silinamve. Kuyambira 1994, pamene Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana anachuluka m'chaka chimodzi kuchokera pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Cholinga cha Unduna wa Zamaphunziro ku Capital Hill ndi chakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi ang'ono-ang'ono ambiri chiwerengero chimaposa pamenepo. Kuchonga makope 100 tsiku lililonse nkosatheka. Mapepala anai okwezedwa m'mwamba anauza mayi uja m'kamphindi kochepa chimene akanachidziwa patapita sabata.

Ena mwa inu mukuti zimenezi nzachilendo, zochokera kwa Azungu. Ai ndithu. Kumbukirani madzulo a m'nyengo yokolola, mutakhala pamoto, agogo nkuti "Chilapi!" inu nkuyankha kuti "Nachize!" Agogowo sankakuuzani yankho msanga. Ankakusiyani muvutike, ndipo chilapi chimene munachivutikira mukuchikumbukira mpaka lero, imvi zili mbuu. Nanga bawo? Maenje 32, timiyala 64, ndipo katswiri amawerengera m'mutu kumene dzanja lake likathere asanakhudze kamwala nkamodzi komwe. Atsikana osewera phada amaphatikiza ndi kuchotsera osadziwa kuti akuchita masamu. Aphunzitsi angotenga nzeru yomweyo nkuilowetsa m'kalasi.

Alipo pakati panu amene mumakagulitsa ndiwo zamasamba ku Area 10, Area 12 kapena Area 43, kapena muli ndi abale ogwira ntchito m'nyumba za kumeneko. Mwaona ana a m'sukulu zolipira ali ndi makadi osindikizidwa a mitundu-mitundu ogulidwa m'sitolo, ena akuyankha mafunso pa lamya za makolo ao. Musaganize kuti masewera ophunzirira ndi a ana a mabwana okha. Khadi logula ndi chidutswa cha katoni cholembedwa ndi makala zimagwira ntchito yofanana. Aphunzitsi athu amaphunzitsidwa m'makoleji, monga ya Lilongwe ku Area 25, kupanga zipangizo ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo, njira imene amaitcha TALULAR: zitsekerero, zitsononkho, njere, timitengo, dongo. Mukumbukanso pologalamu ya Tikwere imene inayamba kumveka pa wailesi ya MBC mu 2008, yophunzitsa ana a makalasi oyamba ndi nyimbo ndi masewera.

Makina nawonso afika m'sukulu za Boma. Mu 2013, pa sukulu ya Biwi muno mu Lilongwe, anayesa kupatsa ana a Sitandade 1 mpaka 3 timakina ta m'manja totchedwa tabuleti, tokhala ndi masamu m'Chichewa, theka la ola pa tsiku kwa masabata asanu ndi atatu. Akatswiri a ku yunivesite ya Nottingham ku England anapeza kuti anawo anapita patsogolo m'masamu kuposa anzao amene sanagwiritse ntchito masamu a m'makinawo. Mu 2023 Boma linayamba kufalitsa makinawa m'sukulu zambiri pansi pa ntchito yotchedwa BEFIT. Koma taonani chimene makinawo amachita: amafunsa mwana, mwana amayankha yekha, ndipo amauzidwa pomwepo ngati wakhoza kapena walakwa. Ndi zomwe anachita mayi wa mpira wachikulunga uja. Sukulu imene makina sanafike isakhale manja lende.

Tsono ndisakunamizeni kuti masewera onse ndi abwino. A nyakwawa aja anali ndi mfundo, pakuti alipo aphunzitsi amene amatulutsa mpira pofuna kupuma. Ine ndemwe ndinalakwapo. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinkakonda masewera oti wolakwa akhale pansi, otsala apitirire mpaka patsale mmodzi. Kalasi inkasangalala, ine nkumadziona ngati katswiri. Patapita miyezi ndinazindikira kuti opambana anali ana atatu omwe-omwewo, ndipo ana amene ankafunika kubwereza koposa onse ndiwo ankakhala pansi pa funso loyamba, nkumaonerera. Mnyamata wina wachibwibwi anayamba kujomba Lachisanu lililonse, tsiku la masewerawo, chifukwa anzake ankamuseka. Ndinadziwa mochedwa, mayi ake atabwera kudzandifunsa chimene ndinamulakwira mwana wao.

Choncho inu a m'komiti ya sukulu, mukapita kukaona, musayese ndi kukula kwa phokoso. Muyang'ane ngati mabuku atsekedwa, ndi ngati mafunso akuchokera m'zimene ana anaphunzira, za dzulo ndi za mwezi watha zomwe. Muyang'ane ngati mwana aliyense akupatsidwa nthawi yoganiza, kapena akuyankha ndi othamanga pakamwa okha. Muone atsikana ndi ana a kumbuyo ngati mpira ukuwafika. Koposa zonse, muone chimene chikuchitika mwana akalakwa. Ngati asekedwa nkutulutsidwa, masewerawo ndi oipa. Ngati mphunzitsi aima nkukonza cholakwacho, monga anachitira mayi uja, ndi abwino. Ndipo asatenge phunziro lonse. Mphindi khumi nzokwanira. Mukaona zosakukondweretsani, musakalipire mphunzitsi pamaso pa ana. Kambani ndi mphunzitsi wamkulu, kapena ndi mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu.

Kwa inu mafumu ndili ndi pempho. Mayeso a Sitandade 8, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, kawiri-kawiri amalembedwa m'mwezi wa Meyi, nthawi yomwe chimanga chauma ndipo fodya akupita ku okushoni ku Kanengo. Masabata otsogolera mayesowo ndiwo amene aphunzitsi amabwereza ntchito ya zaka zambiri, ndipo ndi masabata omwewo amene makolo amati, "Kusukulu angobwereza zakale, lero tiye kumunda." Mwana wojomba nthawi imeneyo ali ngati munda wosiyidwa pa nthawi yopalira. Akalephera amabwereza kalasi chaka chathunthu, kapena amangosiya sukulu, ndipo kwa mtsikana mukudziwa chimene chimatsatira. Nenani mau pa bwalo kuti ntchito ya kumunda ana aigwire Loweruka ndi madzulo akaweruka. Uzaninso anthu anu kuti asataye makatoni, zitsekerero ndi matumba akale a feteleza, azipereke kusukulu.

Kunyumba nakonso mungathe kuthandiza, ngakhale inu amene simunapite patali ndi sukulu. Pokonola chimanga madzulo, muuzeni mwana atseke kope, akuuzeni zinthu zitatu zimene waphunzira lero. Mawa mumfunsenso zomwezo. Kapena mumlole iye akhale mphunzitsi, akufunseni inu, ndipo mukalakwa akukonzeni. Ana amakonda zimenezi kwambiri. Mukamapita kukagulitsa soya kapena mtedza, mtengeni, awerengere ndalama wogula asananene. Tsiku lina adzakupulumutsani kwa vendala wa masamu okhota.

A nyakwawa aja ndinawaperekeza ku depoti. Asanakwere minibasi anandifunsa ngati funso la mapando lija likanasintha mzere ukanakhala wa mamita 15. Ndinati ayese okha. Anawerenga pa zala, nati 60, ndipo anati akafika akafunsa adzukulu ao a kumudzi, aone ngati aphunzitsi a kumeneko akugwira ntchito.